Masiku Atatu Ndikudikira Olemba Mayina

Chizindikiro choyamba chinali fungo. Lolemba lina m'mawa, nyengo ya mvula ili pakati, ndinadutsa pafupi ndi thandala la usipa kwathu ku Liwaladzi osamva fungo lililonse. Madzulo ake mutu unayamba kuwawa, thupi likutentha, pakhosi pakukanda. Ndinamwa panado n'kudziuza kuti ndi malungo.

Nthawi imeneyo n'kuti nditatha miyezi ingapo ndili pakhomo. Ndinkachapa nsalu zogonera pa loji ina ya m'mbali mwa nyanja, koma korona itafika alendo anasiya kubwera, ndipo mwini wake anatiuza kuti tikadikire kunyumba. Kenako pa wailesi panamveka kuti boma lithandiza anthu amene ntchito zawo zaima.

Nkhani imeneyi inagawa banja lathu. Amuna anga, a Amidu, anali kumbali ya amene ankalamulira. Iwo ankati thandizo liyenera kuyambira m'mizinda ikuluikulu chifukwa kumeneko anthu alibe minda, kenako lifika kwa ife, bola tidekhe. Achimwene anga a Yusufu, omwe ndi telala pamsika, ankati thandizolo lithera m'matumba a anthu achipani, ndipo matendawo akungowakulitsa dala kuti mayiko akunja atumize ndalama. Ankakangana pakhonde pathu, kenako pamsika, mpaka anasiya kupatsana moni ngakhale potuluka mumzikiti Lachisanu.

Ine ndinkamvera onse awiri, ndipo aliyense anandipatsa chifukwa chosapitira kuchipatala. Kwa amuna anga ndinatengako zoti mayina a olandira thandizolo alembedwa ndithu. Kwa achimwene ndinatengako zoti matendawa si enieni, komanso kuti ukapanda kuonekera wekha pamalo pako amalembapo wina.

Lachiwiri kunamveka mphekesera yoti olemba mayina afika pabwalo la sukulu. Ndinapita, ndinakhala pansi pa mtengo wa mango ndi anthu ambiri mpaka dzuwa kupendeka. Sanabwere. Lachitatu ndinapitanso nditayamba kutsokomola. Masiki ndinalibe, ndinkangotseka pakamwa ndi chitenje. Pobwerera ndinapuma kanayi panjira imene ndimayenda osaima. Kunyumba ndinawiritsa masamba a bulugamu n'kudzifunditsa bulangeti pamwamba pa nthunzi yake, ndinamwanso mandimu ndi jinja. Lachinayi, ndili pabwalo lomwe lija, ndinaimirira nditamva kulira kwa galimoto ikuchokera kumsewu waukulu, ndikuganiza kuti ndi iwo. Maso anachita mdima ndipo ndinagwa. Galimotoyo inali ya wogula mpunga.

Anandinyamula pa njinga yamoto mpaka kuchipatala chaching'ono cha kwathu. Anandiyeza malungo koma sanawapeze. Anandiveka kachipangizo kuchala, namwino anayang'ana nambala, kenako anayang'ana amuna anga.

"Bambo, mpweya wawo watsika kwambiri. Apite kuboma lero lomwe."

Kuchipatala chachikulu ananditenga zoyeza m'mphuno, ndipo zinaonetsa kuti ndili ndi korona. Anandigoneka m'chipinda chapadera chimene abale saloledwa kulowa. Anandiika timachubu ta okosijeni m'mphuno n'kundiuza kuti ndizigona chafufumimba nthawi yaitali momwe ndingathere. Tsiku lililonse linkayenda mofanana: m'mamawa kuyeza kutentha kwa thupi ndi mpweya, jakisoni, mapiritsi, kenako kudikira adokotala. Ogwira ntchito ankavala zophimba thupi lonse, moti tinkawazindikira ndi mawu okha. Kupita kuchimbudzi, masitepe khumi okha, kunkandisiya ndikupuma ngati ndathamanga.

Chakudya abale ankasiya pageti atalemba dzina pa kontena. Kwa ine kunkabwera makontena awiri tsiku lililonse, ina ya amuna anga, ina ya achimwene, popeza sankalankhulana kuti agawane masiku. Chakudya cha m'kontena yachiwiriyo ndinkapatsa mayi wa bedi loyandikana nane, wa ku Kanyenda, amene abale ake sankakwanitsa kubwera kawirikawiri. Anandiuza kuti naye anachedwa kunyumba poopa kuti kuchipatala akamubaya jakisoni wakupha. Tsiku lachisanu m'mawa anamuwonjezera mpweya, masana anamwalira. Anamukulunga m'pulasitiki, ndipo abale ake sanaloledwe kumusambitsa. Ine monga Msilamu zimenezo zinandikhala m'mutu kuposa chifuwa changa.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri anayamba kuchepetsa okosijeni, ndipo patapita masiku awiri anachotseratu. Adokotala anandifunsa tsiku limene ndinayamba kumva kudwala. Nditawauza, anati, "Mayi, mukanabwera Lachiwiri lija, mwina machubu awa simukanawaona." Anafunsanso kumene ndinkapita masiku amenewo, ndipo ndinanena zoona. Azaumoyo anapita kumudzi kukafufuza amene ndinakhala nawo pafupi. Mayi wina wachikulire amene tinkakhala mkeka umodzi pabwalo paja anadwala sabata yotsatira. Anachira, koma sindidziwa ngati matendawo anawatenga kwa ine, ndipo sindinalimbe mtima kukambirana nawo.

Ananditulutsa nditagona masiku khumi ndi awiri. Mwezi woyamba sindinkatha kusenza ndowa ya madzi, tsitsi linkathothoka, ndipo aneba ena ankalambalala nyumba yathu. Olemba mayina sanafike kwathu, kaya ndili m'chipatala kaya nditatuluka. Amuna anga anati nthawi yathu inali isanakwane. Achimwene anati ndi zomwe ankanena zija. Chimene anasiya kunena n'chakuti matendawa ndi abodza, ndipo katemera atabwera anakabayitsa tsiku limodzi ndi ine.

Lero ndili bwino. Loji inatsegulidwanso ndipo ndinabwerera pantchito, ngakhale ndikachapa mabulangeti ambiri ndimayamba ndakhala pansi kuti mpweya ubwerere. Awiri aja amapatsana moni tsopano, koma chisankho chikayandikira amayambiranso.

Sindinganene amene ankalondola pakati pawo. Ndikudziwa kuti njala ya masiku amenewo inali yeniyeni, ndipo sindinyoza aliyense amene anakhala pabwalo lija. Koma mukamva thupi likutentha, chifuwa chikuthina, kapena mpweya ukuperewera, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale mutamva kuti mawa kukubwera thandizo. Ine ndinadikira masiku atatu kuti dzina langa lilembedwe, ndipo linatsala pang'ono kulembedwa pamanda.