Mkono Wachitsulo Umene Ndinausiya M'mwamba

Inu owerenga, ndatopa nako kufunsidwa chifukwa chimene ine, mwamuna wandevu, ndimayendera ndi mwana kumbuyo. Ndiye ndinene kamodzi. Mayi akunyumba kwanga ndinawalumaza ndine, ndi chitsulo chimene ndinawotcherera ndi manja angawa.

Ndimamata matayala ndi kuwotcherera zitsulo pa Phalula, m'mbali mwa msewu waukulu. Nditatopa ndi kuzula mainjini a malole ndi zingwe, ndinapanga mkono wautali wachitsulo, wopindika pakati ngati chigongono. Unkadzuka ndi mpweya wa kompuresa yopopera matayala, kudzera mu silinda imene ndinagula kwa a zitsulo zakale ku Balaka. Anthu ankaima n'kumaonerera, ine n'kumadzimva. Mkonowo ukakwera ndinkaukhoma ndi pini yonenepa kuti usatsike. Koma paipi ya mpweya ndinangoimanga ndi legeni, mphira wa chubu chakutha, monga timachitira ndi chilichonse kuno.

Dalaivala wina wachikulire anaiona n'kupukusa mutu. "Iyayi achimwene, legeni ndi ya matumba a makala. Gulani kilampu yachitsulo yomangira paipi." Ndinamuyankha kuti mpweya ndakula nawo. Amati wakutsina khutu ndi mnansi, koma ine ndinaona ngati ndi nsanje.

Mu Okutobala, dzuwa lakwathu likuotcha ngati tinalilakwira, anzanga Che Mussa anabwereka pini ija kuti akakokere ngolo yawo. Sindinafune kuoneka womana. Mkono ndinausiya m'mwamba, utagwidwa ndi mpweya wokha. Make Tadala, amene ankagulitsa zitumbuwa pambali panga, anakolekapo lona kuti apeze kamthunzi.

"Bambo a Tadala, sichigwa chimenechi?" anandifunsa.

"Khalani mayi, ndapopa mokwanira."

Masana legeni inafewa ndi kutentha. Ndinangomva phuu! Paipi inayamba kukwapula fumbi, chitsulo n'kupindika kamodzin'kamodzi. Mwana anali atangomutsitsa kumsana, akukwawira kwa ine, ndiye anapulumuka. Mayi ake chinawamenya paphewa mpaka kumsana.

Tinakhalitsa kuchipatala. Pano akuyenda, koma mowerama, ndipo dzanja lamanja silikwera. Madzi ndimakatunga ndine kumjigo, pamzere wa amayi amene poyamba ankandiseka, lero amangondisunthira. Ndikabwerako ndichape, ndiphike, kenako ndikagwade pa matayala a eni. Thupi langa latopa, mtima ndiye usanene. Make Tadala sanandikalipirepo, ndipo ndi zimene zimandiwawa kwambiri.

Anzanga a zitsulo, mpweya si mzati. Ukapeza potulukira umachoka wonse osatsanzika. Chinthu cholemera chikakwera, chikhomeni ndi pini ndiponso chichirikizeni ndi chitsulo. Pini imeneyo isabwerekedwe, olo atabwera ndi malume anu. Paipi imangeni ndi kilampu, ndipo pa silinda ikanipo valavu yotsekera mpweya paipi ikaphulika. Mukamaliza ntchito, tsitsani mkono ugone pansi, mutulutse mpweya wotsala. Ndipo munthu asakhale pansi pake, mthunziwo ukome bwanji.

Mkono uja ndinauduladula, koma palibe chimene chinabwerera. M'mawa uliwonse Tadala amathamangira kumbuyo kwa mayi ake n'kumakoka chitenje kuti amunyamule kumsana. Iwo amayang'ana kumbali, n'kumasula chitenjecho ndi dzanja limodzi, kundipatsa ine.