Mfumukazi ya ku Falansa pa Kamwendo

Rimoti ya amalume inali yokulungidwa m'kapulasitiki komwe kale munali shuga, pakati pake atamangapo kamphira kodula ku chubu cha njinga. Iwo ankati fumbi la pa Kamwendo limapha zinthu zamagetsi msanga kuposa mvula. Mwana sankaloledwa kuikhudza, koma ine ndinaiyang'anitsitsa mokwanira mpaka ndinadziwa kuti batani limodzi linali lofufutika kuposa anzake onse. Linali lobwezera filimu m'mbuyo. Linafufutika m'nyengo imodzi yokha, miyezi yozizira fodya atatha kugulitsidwa, chaka chomwe ndinali mu Sitandade 4. Amene analifufutitsa ndi amayi anga, ngakhale kuti rimotiyo sanaigwirepo n'kamodzi komwe.

Amalume anali mlongo wawo wa amayi, wamkulu, ndipo ndiwo anali mwini mbumba yathu. Ankapalasa njinga kupita ku Chipata kukaoda zitenje, ndipo ulendo wina anabwerako ndi wailesi ya kanema, makina ake oikamo zimbale ndi batire la galimoto. Zonsezi anaziika m'kachipinda ka kuseri kwa sitolo ya bambo wina wachisilamu, sitolo yomwe pakhonde pake amayi ankasokerapo zovala. Pawindo anatchingapo chiguduli, nakhoma mabenchi anayi a bulugamu. M'katimo munkanunkha thukuta, mafuta a mandasi ndi fodya wouma yemwe ankakanirira m'majekete a anthu a m'maesiteti. Kwa ine kunalibe malo abwino kuposa amenewo, ndipo mpaka lero sindinasinthe maganizo kwenikweni.

Mafilimu anali a nkhonya ndi mateche okhaokha, kupatula imodzi. Pachikuto chake panali munthu wonyamula lupanga, choncho amalume anaiika Loweruka masana m'chipinda mutadzaza amuna. M'malo mwa ndewu panatuluka mtsikana wachizungu wa ku dziko lina, wokakwatiwa ndi mdzukulu wa mfumu ya ku Falansa kalekale. Panali madiresi otambalala oti munthu sangalowe nawo pakhomo pathu, tsitsi loyera loumbidwa m'mwamba ngati chulu, makeke, nsapato zamitundumitundu ndi anthu ogwadirana osatha. Amuna anapirira kwa kanthawi. Kenako wina kumbuyo anafunsa kuti, “Nanga ayamba liti kumenyana?” ndipo ola lisanathe mabenchi anali mbee. Amalume anatulutsa chimbalecho ali ndi manyazi, nati achimangirira kumbuyo kwa njinga kuti chiziwala magalimoto akamabwera. Amayi ndiwo anachipulumutsa. Anati akufuna kuonerapo masokedwe.

Anali ndi chifukwa chomveka. Nyengo yomweyo achemwali anga anali pa chitomero, ndipo diresi laukwati linali loti lisokedwe pakhonde pomwepo. Mwamunayo ankayendetsa thalakitala pa esiteti ina ku Chiosya, munthu wofatsa, koma kwawo kunali kutali, ku Phalombe, ndipo ntchito yake inali itatha ndi fodya wa chaka chimenecho. Kwathu mwamuna ndiye amabwera kudzamanga kwa mkazi. Ankhoswe ake anapempha zina: chitengwa, kuti ukwati ukangochitika awatenge achemwali kupita nawo kwawo. Wopereka yankho anali amalume, ndipo zinkaoneka kuti avomera. “Mnyamatayu ali ndi luso m'manja, sangamugoneke ndi njala,” ankatero. Anawauza ankhoswewo kuti abwerenso mwezi ukatha. Achemwali ankamufuna mwamunayo, zimenezo aliyense ankadziwa, koma dzina la Phalombe likatchulidwa ankangoyamba kusesa pomwe asesa kale. Amayi ankangopitiriza kusoka. Kutsutsa mlongo wako wamkulu pa nkhani ya mbumba sikunali kophweka masiku amenewo, makamaka kwa mkazi wamasiye yemwe anachita kulandiridwa ndi mlongo wakeyo.

Filimu ija inasanduka ya azimayi. Ankabwera masana msika ukaphwa, ena ndi mtedza wokazinga pa nsonga ya chitenje, ena ndi mbatata yootcha, ndipo ine ndinkakhala pansi kutsogolo, khosi lili m'mwamba. Chingerezi chake chinali chothamanga moti palibe ankachimva bwino, koma sizinaletse aliyense kuweruza. Kalonga, mwamuna wa mtsikana wachizungu uja, iwo anamupeza kuti ndi wamanyazi mopitirira, mwamuna woti ankhoswe amukhazike pansi. Mtsikanayo ena ankati ndi waulesi, poti ngakhale kuvala ankachita kumuveka azimayi khumi. Ena ankamuikira kumbuyo kuti munthu sungasangalale anthu akukuyang'ana kuyambira podzuka mpaka pogona. Pamene onse a kunyumba yachifumu anayamba kumuyang'ana pamimba chifukwa zaka zinkapita wopanda mwana, m'chipindamo munamveka kung'ung'udza kwa anthu odziwa zomwe akuona. Mayi wina wa ku esiteti anangoti, “Apongozi ndi amodzi dziko lonse.” Mwini sitolo naye ankasuzumira pakhomo akakhala opanda makasitomala, napukusa mutu kuti nsalu ya diresi limodzi ikanakwanira yunifolomu ya kalasi yathunthu.

Aphunzitsi athu anabwera tsiku lina kudzaona chomwe chikutichedwetsa kulemba ntchito yakunyumba, ndipo anakhala mpaka batire linatha. Anabweranso mawa lake, ati kudzakonza zolakwika. Malinga ndi iwo, filimuyo inali yabodza kuyambira pa nyimbo, poti magitala amagetsi kunalibe nthawi imeneyo, ndipo chachikulu inkabisa anthu wamba omwe ankagona ndi njala pamene mafumuwo ankathira ufa m'tsitsi. Ankanena zoona, lero ndikuvomereza. Koma mayi wa ku esiteti uja, yemwe chaka chonse ankadya chimanga choyezeredwa ndi kapitawo, anawayankha osachotsa maso pa kanema: “Za njala tikuzidziwa, aphunzitsi. Tisiyeni tioneko nsapato.” Aphunzitsi anaseka mpaka kupukuta magalasi awo, ndipo kuchokera tsikulo ankabwera ndi mtedza wawo.

Nkhani ya ufa m'tsitsi ine ndinaimva mwanjira yanga. Ndinapala khonje, ndinaliumba pa chigoba cha dzungu, n'kulithira ufa woyera womwe ndinatapa m'ndowa ya amayi. Ndinayenda nalo pamutu kuzungulira sitolo, mphuno m'mwamba, nkhuku za eni sitolo zikunditsatira kutola zomwe zinkagwa. Ndinkayembekezera mkwapulo. Amayi anaimitsa makina osokera, anandiyang'ana, ndipo anaseka mpaka misozi. M'mwezi wonsewo ndi tsiku lokhalo lomwe ndikukumbukira akuseka.

Pakuti amayi filimuyo sankaionera ngati anzawo. Makeke ndi nsapato zinkawadutsa. Iwo ankadikira malo amodzi, chakumayambiriro, pamene mtsikana uja wafika pamalire a dziko lake ndi Falansa. Pamenepo panali nyumba ya makomo awiri. Analowera khomo la kwawo, ndipo m'katimo azimayi achilendo anamuvula chilichonse chochokera kwa makolo ake, ngakhale kamphete ka pachala, namuveka za dziko la mwamuna wake. Omuperekeza anatsala kumbuyo. Iye anatulukira khomo linalo yekha, akumwetulira chifukwa anthu ankamuyang'ana. Zikangofika apo amayi ankalankhula, tepi yoyezera ili m'khosi, kope lili pamwendo.

“Achimwene, tabwezaniko pamenepo. Mkono wa diresi uja sindinauone bwino.”

Amalume ankadina batani lija. Mtsikanayo ankabwerera chambuyo kulowa m'nyumbamo, n'kuvulidwanso, n'kutulukanso yekha. “Kamodzinso,” ankatero amayi. Tsiku lina anabwezetsa kanayi, azimayi mpaka kudandaula kuti batire litha makeke asanafike. Popeza rimoti inali yosagwira wina, amalume sankatha kutuluka. Ankaima pafupi ndi kanema n'kumaonera nafe, tsiku ndi tsiku, mtsikana yemweyo akusiya zake pamalire omwewo. Ine ndinasuzumira m'kope la amayi ndipo ndinapeza tsamba lili loyera. Ndinaganiza kuti pensulo yabuntha, choncho ndinaisongola ndi lezala n'kuibwezera mwakachetechete, ndikudziona ngati mwana wothandiza kwambiri.

Chimbalecho chinali chokalika chakumapeto. Nthawi zonse chinkaima pa malo amodzi, mtsikana uja, tsopano ali mfumukazi, atayang'ana pawindo, nkhope yake itaphwanyika timabokosi. Amalume anachipukuta ndi malaya, anayesa ndi mankhwala otsukira mano, osatheka. Kwa milungu ingapo aliyense anali ndi mathero ake. Ena ankati anathawira kwawo, ena ankati anakalamba ali ndi zidzukulu. Aphunzitsi ankadziwa koma ankazemba, mwina posafuna kutiwonongera chisangalalo. Kutatsala masiku ochepa kuti ankhoswe abwere, azimayi anawapanikiza, ndipo ananena mwachidule. Anthu anjala aja anaukira, mfumu inaphedwa, ndipo mfumukaziyo anaidula mutu pagulu.

Kunja kunamveka belu la njinga ya kabaza. Mayi wa ku esiteti anati zinamuyenera pang'ono, koma osati mpaka mutu. Amayi, omwe sankafunsa mafunso pa filimu, anafunsa limodzi.

“Nanga abale ake anali kuti?”

“Anali kwawo,” anatero aphunzitsi. “Kutsidya kwa malire.”

Amalume anazimitsa kanema batire lisanathe, chinthu chomwe anali asanachitepo. Anatuluka n'kukagwada pa njinga yawo, nayamba kupopa tayala lomwe linali lolimba kale.

Ankhoswe anabwera mwezi utatha monga anapangana, ndipo zomwe zinakambidwa ndinazimva kwa achemwali madzulo ake, akundiluka tsitsi. Amalume anati ukwati auvomera ndi mtima wonse, koma chitengwa ayi, pakadali pano. Mnyamatayo amange kaye kwathu ku Mlonyeni, munda ulipo, alime nafe mvula zingapo kuti timuone nayenso atione, za Phalombe zidzakambidwa pambuyo. Ankhoswe ananyinyirika kuti si zomwe anamva ulendo woyamba. Amalume anavomera kuti n'zoona, ndipo sanapereke chifukwa. Mwamunayo anaganiza masiku awiri n'kuyamba kuumba njerwa. Za pambuyozo sizinakambidwenso. Ali ku Mlonyeni mpaka lero, tsitsi layera popanda ufa, ndipo ku Phalombe amapita ndi ana awo kukacheza.

Zina ndinazidziwa ndili mayi kale, tikulongedza katundu wa amalume atamwalira, pamene rimoti ija inatuluka m'sutikesi ikadali m'kapulasitiki kake. Amayi anaigwira koyamba tsiku limenelo. Anandiuza kuti iwo anatengedwa chitengwa ali kamtsikana, kupita ku mudzi wa bambo anga kutsidya kwa malire, m'kati mwa Zambia. Wowanyamula pa keliyala ya njinga anali mlongo wawo yemweyo, ali mnyamata wonyadira kuti akulu amutuma ntchito yaikulu. Anawatsitsa pakhomo pa apongozi ndi kamtolo ka zovala, anadya, n'kubwerera dzuwa lisanapendeke. Amayi anakhala kumeneko zaka zoposa khumi, ndipo kwathu anabwerako kawiri kokha, konse pa maliro. Bambo atamwalira anabwerera ndi makina osokera, achemwali ali pambali, ine ndili kumsana. Za zaka zimenezo iwo ndi amalume sanakambiranepo, ngakhale tsiku limodzi. Ndinamva chisoni, komanso ndinawanyadira amayi anga kuposa kale lonse.

Koma pa tsiku la ukwati wa achemwali ine zonsezi sindinkazidziwa, ndipo ndinali wokhumudwa. Ndinkayembekezera diresi lotambalala, la malesi olendewera m'zigongono ngati la mfumukazi. Lomwe amayi anasoka linali loyera bwino, lokhala thupi, koma wamba, mikono yake yowongoka ngati ya bulauzi ya kwaya. Titatuluka m'tchalitchi, anthu akululutira ndi kuponya mpunga, ndinaona amalume akuyandikira. Anagwira mkono wa diresilo ndi zala ziwiri, nauyang'ana nthawi yaitali, kenako anatembenukira kwa amayi.

“Mkono uja mwautha bwino, alongo.”

“Munandithandiza ndinu,” anayankha amayi.

Ine ndinaima pambali pawo ndi nsapato zobwereka zondithina, ndikuyang'ana mkono wopanda lesi n'limodzi lomwe. Ndinakwiya kuti anthu awiri akuluakulu, amene anaonera malo amodzimodzi kambirimbiri, angalephere chonchi kuona kuti diresilo silinafanane n'komwe.