Chitseko cha mukwa cha a Sakala

Nchito yanga yoyamba inandipeza ndili pamsewu. Nditamaliza maphunzilo osula malata, ndinabwelela kwathu ku Kacholola n'kumagulitsa nthochi ndi amai anga, poti mashopu onse amene ndinafunsako sankafuna mtsikana. Kamthunzi ka patebulo pathu ndinakapanga ndekha ndi zidutswa za malata. Tsiku lina galimoto inaima, n'kutulukamo bambo wamfupi wadazi. Nthochi anagula ndithu, koma chala chawo chinali kuyenda m'mphepete mwa lata momwe ndinapinda.

"Anapinda apa ndani?"

"Ndine, bambo."

"Ine ndine Lungu, ndili ndi shopu ku Petauke kuseli kwa msika. Ubwele Lolemba."

Miyezi yoyamba tinkapanga ndowa, mbaula ndi ngalande za madzi a padenga. Nchito yachilendo inabwela mu Juni, kuzizila kutafika pothetsa nzelu. A Sakala, mphunzitsi wopuma, anali m'chipatala ndi chifuwa, ndipo adokotala anawaletsa kuotha mbaula m'chipinda chifukwa cha utsi. Mwana wawo wogwila nchito kunja anawagulila ng'anjo ya gasi yotenthetsa nyumba yonse. Amisili a ku Lusaka anaiika m'kachipinda kuseli kwa nyumba, analumikiza gasi ndi chumuni, ndi mapaipi opititsa mpweya wofunda m'zipinda. Ife anatisiyila paipi yaikulu yobweza mpweya wa m'nyumba ku ng'anjoyo, pamodzi ndi sefa yake yotchinga fumbi.

Paipiyo tinaipangila kushopu. Ndinkayeza lata ndi tepi, kulemba mzele ndi msomali, kudula ndi sizasi ya malata, kenako a Lungu n'kulipinda pamakina kukhala bokosi lalitali la ngodya zinayi. Polumikiza ponse tinkaboola ndi dililo, kumenya timisomali ta maliveti, n'kumata tepi ya siliva kuti pasatsale kampata kokoka fumbi la m'denga. Amai Sakala ankafuna kuti kazenela kokokela mpweya kabisike kukhichini, koma a Lungu anakana mwaulemu.

"Iyayi amai. Mukakazinga kapenta, nyumba yonse idzagona ndi kapenta, utsi nawo udzafika kwa odwala. Tikaike m'kolido."

Tsiku lomaliza linali Lachisanu, lomwenso a Sakala ankatuluka m'chipatala madzulo ake. A Lungu mimba sinawalole kulowa pakabowo kolowela m'denga, ndiye ndinakwela ine ndi tochi pamphumi. Pansi anthu ankanjenjemela ndi mphepo, ine m'mwambamo thukuta kamukamu, ndowe za mileme tho m'tsitsi. Ndinapachika paipi ku mitanda ndi malamba a lata, a Lungu akufuula pansi kuti ndiziponda pamtanda pokha, ndisawagwele pamutu. Nditatsika tinalowetsa sefa m'kabokosi kake pafupi ndi fani yokoka mpweya, muvi wojambulidwa m'mbali mwake utaloza ku ng'anjo monga mpweya umayendela.

Titayatsa, pabalaza panafunda bwinobwino. Amai Sakala anayamba kululutila. Koma a Lungu anang'amba kapepala kopepuka, analowa m'chipinda chogona eni nyumba n'kudzitsekela. Posakhalitsa chitseko chinayamba kuimba mluzu.

"Enelesi, tabwela uone," anandiitana.

Kapepala kaja anakagwila pomwe pamatulukila mpweya wofunda, koma kankangogwedezeka pang'ono. Chitseko chinali chothina bwino, chofika mpaka pansi. Chikatsekedwa, mpweya wa m'chipindamo unkasowa potulukila kuti ubwelele ku kolido, motelo wofundawo unkalephela kulowa. Chipinda chimene nchito yonseyi inachitikila ndicho chinali kukhala chozizila.

Njila zinalipo ziwili. Yoyamba inali kupanga paipi ina ya m'chipindamo, koma malata anali atatha ndipo Lachisanu silikanatikwanila. Yachiwili inali kuboola chitseko m'munsi n'kuikamo kazenela.

"Chitseko ichi ayi," anatelo amai Sakala, nkhope itasintha. "Ndi mukwa uwu. Apongozi anga anachipala ndi manja awo pamene tinkamanga nyumba ino, chaka chotsatila anamwalila. Tizingochisiya chotsegula."

"Zingatheke, amai," anayankha a Lungu. "Koma odwala adzafuna kubisika povala ndi posamba. Nanga phokoso la adzukulu anu?"

Amaiwo anatembenuka. Analowa m'chipindamo, anatseka, n'kukhalamo okha. Ife tinaima m'kolido ngati ana oyembekeza chilango. Atatuluka anali atadzifunditsa chitenje m'mapewa.

"Chitseko sichitsokomola," anatelo. "Dulani."

Tinachimasula pamahinji n'kuchigoneka pa mabenchi panja. A Lungu anandipatsa ine sowo, ati manja awo azolowela nkhanza za malata. Ndinayeza, kulemba ndi pensulo, kuyezanso, n'kuboola m'ngodya zonse kuti sowo ilowe. Mukwa wakale ndi wouma ngati mwala, ndipo amai Sakala anaima pambali panga mpaka kachidutswa kanagwa. Anakatola, anakapukuta ndi chitenje. Ndinasalaza m'mphepete ndi sandipepa, ndinamanga kazenela ndi misomali yopota, tinabwezela chitseko. A Lungu atadzitsekelanso, ulendo uno kapepala kaja kanauluka m'manja mwawo, mluzu uja zii.

Tikusesa utuchi, galimoto inalowa pabwalo. A Sakala anatsika pang'onopang'ono, atavala majuzi awili ndi chipewa chaubweya. Atafika pakhomo la chipinda chawo anaima, maso pansi pa chitseko.

"Wachita izi ndani?"

"Ndine, bambo," ndinatelo.

Anawelama, anayendetsa chala m'mphepete monse. Kenako analowa, anakhala pabedi, anatiuza titseke. Tinadikila panja. Chitseko chitatseguka, anali atavula chipewa ndi juzi imodzi.

"Atate anga akanakukalipila tsiku lonse," anatelo akumwetulila, "kenako akanakulemba nchito. Amake ana, apatseni tiyi anthuwa."

Tinamwa tiyi ndi mbatata, a Lungu akuwaonetsa amai Sakala kasololedwe ka sefa ndi kuiyang'ana padzuwa kuti adziwe ngati yadzadza fumbi. Pobwelela kushopu ndinawafunsa chimene chinawapangitsa kudzitsekela m'chipinda muja pamene tonse tinali kusangalala kale. Anati amisili timayesa nchito zitseko zili pululu chifukwa tikulowa ndi kutuluka ndi zida, koma eni nyumba sakhala choncho.

Lelo ndili ndi kashopu kanga ku Nyimba, ndipo mapaipi ambili amene ndimaika ndi a mpweya wozizila, poti kuno vuto ndi kutentha. Ndisanapakile zida ndimayendela chipinda chilichonse ndi kapepala m'manja, ndimatseka chitseko, n'kukhala pansi pamene mwini wake adzakhale.