Tsamba Losatsekeka la Alamu Anga

Alamu anga, amuna a mng'ono wanga, ankagulitsa chambo ku Senga Bay, ndipo anali munthu wosamva za anzake. Chaka chimene ndinatumizidwa kukaphunzitsa kufupi ndi kwawoko, ndinawapeza atatsegula tsamba la pa intaneti lotsatsirapo nsomba kwa mabwana a ku Lilongwe. Pamenepo panalibe cholakwika. Cholakwika chinali chakuti ankagulitsabe ngakhale miyezi ija boma limatseka nyanja kuti chambo chiswane.

Nditawafunsa, anaseka mpaka kutsokomola.

"Alamu, inu zanu ndi choko basi," anatero. "Tsamba limeneli silikhala m'Malawi muno. Makina olisunga ali kunja, kutali, kwa kampani imene kalata ya boma lililonse siiwerenga n'komwe. Wallahi, palibe angalitseke."

"Nanga inuyo mumagona kunja komweko?"

Anangondiyang'ana ngati mwana wa sitandade wani. Ine mumtima ndinati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, koma pakamwa ndinatseka, poti ndinali mlendo ndipo nsombazo nanenso ndinkadya.

Chimene chinkandiwawa ndi zithunzi. Alamu ankati anthu a m'tauni amakhulupirira nsomba ikakhala m'manja mwa mayi, ndiye m'mawa uliwonse ankajambula mng'ono wanga atanyamula chambo, akumwetulira, khanda lili kumbuyo. Pansi pa chithunzi chilichonse ankalembapo tsiku, kuti ogula adziwe kuti nsombayo ndi ya lero lomwe.

Tsiku lina oona za usodzi anawapeza alamu pagombe khoka lili lonyowa. Anatenga khoka, foni, ndi eni ake omwe. Za tsamba lija anali asanazidziwe. Madzulo ake bambo wina wa m'komiti ya pagombe anandikokera pambali kumsika.

"Aphunzitsi, zithunzi zija zichoke msanga. Akangoziona, mayi aja nawonso atengedwa. Nkhope ili pomwepo, tsiku lili pomwepo."

M'mawa mwake ndinakwera kabaza kukawaona alamu kupolisi. Ndinawapeza atakwinyika pakona, matama onse atathera panja. Ndinawapempha mawu achinsinsi olowera patsambalo.

"Foni ndi imene inkasunga, alamu. Ine sindinawaloweze."

Ndinawakalipira, sindibisa. Ndinawauza mawu amene mphunzitsi sayenera kulankhula pagulu, mpaka wapolisi anandiuza kuti nditsitse mawu. Iwo anangoti, "Inshallah zikhala bwino," maso ali pansi. Foniyo inali itatsekeredwa monga umboni, ndipo kuipempha kukanakhala kuwalozera apolisi ndekha pamene pali nkhani.

Ndinabwerera kusukulu, ndinakakhala kuseri kwa ofesi kumene netiweki imagwirako, n'kulembera kampani ija m'Chingerezi changa chonse cha kukoleji. Yankho linabwera mwachangu, laulemu. Anati sachotsa kanthu chifukwa choti wina wapempha, wochotsa ndi mwini tsamba yekha. Ndinalembanso kuti mwini wake ali m'chitokosi, nali dzina lake. Anati dzina la mwini wake salidziwa, chifukwa safunsa mayina, ndipo anthu amawakondera chimenecho.

Kachitatu ndinasiya Chingerezi chapamwamba. Ndinangolemba kuti mayi ali pachithunziyo ndi mng'ono wanga, mwana ali kumbuyoyo akuyamwa, chonde. Anandiyankha kuti maboma ambiri amawalembera akunamizira kukhala achibale, choncho sadzandiyankhanso.

Ine boma! Ine amene ndinali nditakhala panjerwa, fumbi la choko lili m'tsitsi, bandulo ya intaneti ikutha. Ndinaseka ndekha, kenako misozi inangoyamba kutsika. Alamu ananenadi zoona. Tsambalo silinkatsekeka, ndipo amene anayamba kulephera kulitseka ndife.

Masiku otsatirawo ndinkalitsegula pafupipafupi ngati mmene munthu amakandira chilonda. Linali pomwepo, mng'ono wanga akumwetulirabe. Kumsika anthu anali atayamba kusonyezana pamafoni, ena momvera chisoni, ena pofuna nkhani basi. Ndinkadziwa kuti chinthu chimene chafika kumsika sichichedwa kufika kuofesi ya za usodzi. Ndinamuuza mng'ono wanga kuti athawire kwa azakhali ku Maganga, anakana. Anati kuthawa n'kuvomera mlandu, komanso ndani azikawapatsira chakudya amuna ake?

Loweruka lina masana ndikuchapa, ndinamuona akubwera, mwana kumbuyo, jumbo ya tizovala m'manja. Sanakhale pansi. Anamasula nsalu, n'kundiikira mwanayo pamiyendo manja anga akadali ndi thovu.

"Achemwali, azigona kwanu kuno. Ndayamba kumuletsa bere."

"Iwe, mwanayu sanayambe n'kuyenda komwe!"

"Ndikudziwa. Koma akuzolowereni ndikadalipo, asadzalire kwa munthu wachilendo tsiku lodzanditengalo."

Ndinapukuta thovu m'manja, n'kumugwira bwino. Mwana anayamba kulira akutambasula manja, ndipo mayi wake anatuluka pachipata akuyenda mofulumira, atagwira pachifuwa pamene mkaka unali utayamba kunyowetsa bulauzi.