Nyimbo Yokwerera Chitunda cha Kumanda

Ndinachoka ku Msakambewa chifukwa ndinatopa n'kuyimba pamaliro. Mawu ndinali nawo, koma malipiro ake anali "zikomo achimwene" basi. Nditawauza amayi kuti ndikupita ku Joni kukajambula nyimbo, sanandiletse. Anangofunsa kuti, "Nanga nyimbozo azikavomera ndani?" Ndinaseka.

Ku Joni ndinkathirira maluwa panyumba ya eni ake, Loweruka n'kuthamangira ku situdiyo, kachipinda kopanda ndi windo lomwe. Wojambulayo ankandiyambitsa ndekha, n'kundivomeretsanso ndekha, iye n'kumalumikiza mawuwo pakompyuta. Kwaya yathunthu, koma yonse ine. Nyimbo imene ndinaphunzira kwa amayi, ija timayimba poperekeza maliro, anati ikuchedwa. "Mipata iyi anthu agona nayo," anatero. Tinadula mipata yonse, tinaithamangitsa, ndipo inamvekadi pawailesi.

Ndinkatumiza ndalama ya feteleza, nyimbonso ndinaitumiza pafoni ya mlongo wanga. Anayankha kuti, "Amayi aimva. Akufunsa kuti mukuthamangira kuti?" Zinandipweteka. Ndinkasungulumwa koopsa, mtima suli m'malo, n'kumasintha malo okhala ngati nkhuku yofuna poikira, koma kwathu sindinkafuna kubwera. Chinandibweza ndi imfa ya amayi.

Manda a kwathu ali pamwamba pa chitunda. Ponyamula bokosi, anthu anandipatsa ulemu: "Ayambitse a pawailesiwa." Ndinayambitsa mmene ndinazolowera. Tisanafike pakati pa chitunda, azimayi anali wefuwefu, ovomera akuchepa, onyamula bokosi akupondana mapazi. Kenaka zii! Ndinatsala ndekha ngati kusitudiyo kuja, koma kompyuta panalibe. Amayi anga, amene anayimbira mudzi wonse, akupita kumanda popanda wovomera nyimbo, chifukwa cha ine. Manyazi anandigwira.

Azakhali anga anandigwira pamkono. "Bambo, pano mpokwera. Tasiyani kaye."

Anaiyambitsanso pang'onopang'ono, mipata yonse ili m'malo mwake. Pampata uliwonse ndinkamva anthu akukoka mpweya, onyamula akusinthana mapewa, kenaka onse n'kuvomera ndi mphamvu. Zaka zonsezi ndinkaiyimba osadziwa kuti mipata imene ndinadula ija ndi popumira anthu okwera chitunda atasenza mnzawo.

Ndinabwerera m'mbuyo pakati pa azibambo, misozi ili chuchuchu. Azakhali akayambitsa, ine ndinkadikira, n'kupuma, n'kuvomera pamodzi ndi anzanga mpaka amayi anafika.