Mayi Wofunsa Majasi

M'mawa uliwonse aZinaida Matveyevna akalandira jasi loyamba, ankalikoleka pamsomali n'kulifunsa m'Chingerezi monong'ona: Ndiwe yani? Uli ndi zaka zingati? Kwanu n'kuti? Akatero ndiye ankapatsa mwini wake kachitsulo ka nambala. Ankasunga majasi a odwala pachipatala chathu chaching'ono m'tauni yozizira ya Kineshma. Ine ndimakhala pawindo lolembera mayina, moyang'anizana ndi kachipinda kawo.

ARaisa, amene amakolopa, sankawasiya.

"Zina, lakuyankha chiyani jasilo lero?"

"Lati ukolope bwino pakhomopo, anthu akuterereka."

"Ee, dona wa ku London! Timano totsalato utithyolera m'Chingerezi, ndakuuza."

AZinaida anali ndi mwana mmodzi yekha, Larisa. Iyeyu anakwatiwa ku Ireland ndi bambo wina dzina lake Cormac, anabereka mwana wamwamuna, Timofei, kenako anamwalira mwanayo asanayambe kuyankhula. Anaikidwa komweko. Poyamba mkamwiniyo ankatumiza zithunzi, koma zinayamba kubwera patalipatali mpaka zinasiya. Atamupempha kwa nthawi yaitali, analola kuti adzaimba foni ya vidiyo pa tsiku lobadwa la mwanayo.

Mayiwo anali atagula buku lakale lasukulu lophunzirira Chingerezi pamsika, ndipo sanapitirire mutu woyamba, wa mafunso. Kwathu ukafuna kufunsa umangokweza mawu. M'Chingerezi muli timawu tina timene timayenera kupita kutsogolo, ndipo aZinaida ankati timalowerera pamzere ngati anthu opanda mwambo. Ankatiiwala, ankabwerera, ankayambanso.

"Nanga mwanayo akakuyankha udzamva?" anafunsa aRaisa tsiku lina.

"Kumva n'kwa chiyani? Ntchito ya agogo ndi kufunsa. Adziwe chabe kuti kuno kuli munthu wake."

Tsiku lobadwa lija aZinaida anabwera atakonzetsa tsitsi, atapaka milomo, atavala bulauzi yoyera imene sindinaionepo. Foni yawo ndi ya mabatani, choncho aRaisa anawabwereka yawo, n'kuitsamiritsa pabotolo la shuga m'kachipinda ka majasi. Ine ndinabwera ndi tiyi, ndipo palibe anandiuza kuti ndituluke.

Foni inalira masana. Panaoneka kamnyamata ka tsitsi lofiirira, katavala chisoti cha pepala. AZinaida anagwira m'mphepete mwa tebulo, nafunsa dzina lake. Mwana anati Tim. Anafunsa zaka zake, iye anaonetsa zala. Mayiwo anaseka, nagwedeza aRaisa ndi chigongono.

Kumbuyo kwa mwanayo kunadutsa mayi wina atanyamula keke. AZinaida anafunsa kuti ameneyo ndani. Mwana anayankha zambiri, mofulumira, akuloza uku ndi uku. Sitinatolepo kanthu. Iwo anangogwedeza mutu n'kuponya funso lina. Mnzako ndani? Mphunzitsi wako ndani? Iwe ndiwe mwana wasukulu? Mayankho anayamba kufupika. Kenako mafunso a m'mutu woyamba uja anatha.

Mwanayo anayang'ana nkhalamba yopaka milomo yokhala pakati pa majasi a anthu, natembenukira kwa bambo ake. Anafunsa funso lalifupi, ndipo tonse atatu tinalimva, ngakhale aRaisa, chifukwa linali lofanana ndi lija timalimva tsiku ndi tsiku: Ameneyu ndani?

Cormac anayang'ana kaye mayi wa keke uja. Anayankha motsitsa, mawu ochepa. Liwu la Chingerezi loti agogo, aZinaida ankalidziwa bwino. Analidikira atapendeketsa mutu. Silinatuluke. Bamboyo anakweza dzanja la mwana kuti atsanzike, chithunzi chinazima.

Kunja bambo wina anali akugogoda kachitsulo kake pathabwa.

"Mayi, jasi langa! Kapena ndigone pompano?"

AZinaida ananyamuka, anapeza jasilo, anamuthandiza kuvala.

"Ana ndi choncho, Zina," anatero aRaisa bamboyo atachoka. "Chaka chamawa adzakuzolowera."

"Chaka chamawa adzakhala wamkulu woti n'kukana kubwera pafoni." Anapukuta milomo ndi kansalu. "Koma wafunsa bwino, wamva iwe? Osaphonya ngakhale kamodzi."

ARaisa anatenga ndowa yawo.

Nyumba yathu ndi yoyang'anizana ndi ya aZinaida. M'mawa mwake ndikupita kokwerera basi ndinawaona akutsika masitepe, akukoka kangolo kamatabwa kotsetserekera ana pachipale chofewa, kakale, kolembedwa dzina la Larisa ndi utoto wofiira. Anakaimika pambali pa migolo ya zinyalala, pamene anthu amasiya zinthu zoti ena angatole. Anasasa chipale chimene chinagwerapo ndi mkono wa jasi lawo, anakulunga chingwe chake bwinobwino kuti chisanyowe, n'kulunjika ku ntchito.