Loweruka Limene a Wailesi Anaimitsa Filimu

Amuna anga anthu amawatchula kuti a Wailesi, ndipo amene anawapatsa dzinali sanalakwitse. Amalankhula akudya, amalankhula akusamba, ngakhale mswachi uli m'kamwa amafuna akuuze nkhani. Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ndakhala ndikuwauza kuti pakamwa padzawapachika, komatu pakamwa pomwepo ndi pamene palera ana athu atatu.

Ntchito yawo ndi yomasulira mafilimu. Kuseri kwa sitolo ya zitsulo kuli chipinda chachitali chopanda mawindo, muli mabenchi khumi ndi anayi, kanema wamkulu kukhoma, ndi fani imodzi yongozunguza kutentha. Iwo amakhala pakona, pampando wothyoka mkono, maikolofoni m'manja, rimoti pabondo. Zilankhulo za m'mafilimuwo sadziwa ngakhale moni. Amawerenga timawu toyera todutsa pansi pa kanema, n'kumamasulira pomwepo kwinaku akukometsera. Wina akalandira chibakera, iwo amamuwerengera mano otsala, anthu n'kumagwa nazo m'mabenchi.

Ndiye mwini malowo, bambo wosaseka ngati analumbira, anabwera ndi nzeru zatsopano. Anapeza mafilimu omasuliridwa kale, ongoika basi. Kuchotsa munthu wa zaka zonsezi popanda chifukwa kunamuchititsa manyazi, choncho anatchera msampha. Anasankha filimu yopanda mfuti, yopanda magalimoto othamangitsana, n'kuuza amuna anga kuti Loweruka masana, theka la anthu likatuluka filimu isanathe, maikolofoni aisiye patebulo. Nditamva ndinapsa mtima zedi. Loweruka ndinafunditsa makina anga osokera, n'kukakhala benchi yakumbuyo, kuti ngati kuli kugwa ndione ndi maso angawa.

Filimu yake, abale! Dokotala wamkazi, nyumba yoyera mbee, akungoyenda chipinda ndi chipinda. Atsegule mpopi, atseke. Ayang'ane firiji, abwerere. Mphindi makumi awiri palibe ngakhale wopondedwa chala. Amuna anga anayesetsa, anati mayiyu akufunafuna chenji chimene anabisa dzana. Anaseka anthu awiri, wina mwa iwo ndine, ndiponso ndinaseka mwachisoni.

Apa m'pamene analakwitsa. Poona anthu akuyasamula, analonjeza kuti zibakera zili m'njira. Patapita kanthawi analonjezanso. Kachitatu, kondakitala wina wa minibasi anadzuka n'kunena kuti iyenso amauza anthu kuti galimoto inyamuka pompano, ndiye bodza la mtunduwu amalidziwa. Anatuluka, anzake anayi pambuyo. Benchi yachitatu inatsala mbee, yachisanunso. Mwini malo anali pakhomo, manja m'thumba, akuwapatsa njira ndi ulemu umene sindinamuonepo nawo.

Kenako filimu inabwerera m'mbuyo, dokotala uja ali kamtsikana. Akusewera chibisalirano ndi mng'ono wake. Anamulowetsa m'firiji yakale yotayidwa kuseri kwa nyumba, n'kutseka kuti anzawo asamupeze. Mayi ake anamuitana kukadya, iye n'kuiwala. Mwana anafera momwemo. Mlandu unagwera mtsikana wantchito, anamutenga apolisi, ndipo kamtsikana kaja kanangoima pawindo osanena kanthu, mpaka zaka makumi atatu.

Amuna anga anadina rimoti. Chithunzi chinaima pankhope ya kamwanako. Komatu kuimitsa filimu m'chipinda chimenecho n'kuputa mavu.

"Ndakunamizani," anatero. "Muno mulibe chibakera ngakhale chimodzi. Koma musanatuluke ndiyankheni. Ndani muno sanachitepo kanthu ali mwana, wina n'kukwapulidwa m'malo mwake?"

Amene anali atafika pakhomo anaima. Woyamba kuyankha anali wometa tsitsi wa pakona, amene anaulula kuti anaswa fulasiki ya bambo ake, msuweni wake n'kudya zikoti, ndipo mpaka lero amamumeta ulere osamuuza chifukwa. Anthu anafa nacho chiseko. Mayi wina wogulitsa zovala zakaunjika anati iye ankanyambita shuga, wantchito n'kuchotsedwa. Apa chiseko chinachepa. Ndiye mlonda wina wokalamba, amene amabwera kudzagona pabenchi asanapite kuntchito, analankhula osadzutsa mutu. Anati anasiya kandulo ikuyaka pafupi ndi katani, nyumba inapsa, bambo ake anaimba mlandu mayi ake mpaka banja linatha. Mayiwo anamwalira asakudziwa. Wometa uja anasuntha n'kukakhala naye pafupi.

Filimu itayambanso, amuna anga anatsitsa mawu. Nthabwala anazisiya. Dokotala akanong'ona, iwonso ankanong'ona, ndipo anthu ankaweramira kutsogolo kuti amve. Ine amene ndimawamva tsiku lililonse, nanenso ndinaweramira kutsogolo. Kondakitala uja anasuzumira kuti aone chimene chatontholetsa anthu, analowa, kenako anatulukanso kukaitana anzake. Pofika kumapeto ena anali ataimirira kukhoma.

Dokotala anafufuza kumene kunkakhala wantchito uja, tsopano nkhalamba. Anafika pakhomo, anagogoda, mkati munamveka mapazi. Basi, filimu n'kuthera pomwepo.

Phokoso lake! Ena ankati nkhalambayo imukhululukire chifukwa anali mwana. Mayi wa kaunjika ankati mwana anali mwana tsiku limodzi lokha, nanga zaka zina zonsezo anali ndani? Kondakitala ankafuna amuna anga anene ngati chitseko chinatsegulidwa, iwo anati zimene sizinalembedwe samasulira, aliyense akamalizire kwawo. Anthu anakana kutuluka mpaka atalonjezedwa kuti mawa ibwerezedwa, womasulira wake yemweyu. Ine kumbuyo kuja ndinkangouza aliyense kuti amenewo ndi amuna anga, ngati kuti alipo amene anafunsa. Ndinanyada, sindibisa.

Anthu atatha, amuna anga anapukuta maikolofoni ndi malaya n'kupita nayo kwa mwini malo, poti chigamulo chinali chake. Bamboyo sanailandire. Anayang'ana mabenchi, anayang'ana pansi, anakhosomola ngakhale analibe chifuwa.

"Mawa mufike msanga, a Wailesi," anatero. "Ndipo mundisungire malo awiri kutsogolo. Ndibwera ndi achemwali anga. Mukafika paja munaimitsa paja, mudzaimitsenso, nanenso ndili ndi yankho langa."